Amadziwa bwanji mphamvu zomwe nyumba za dziko lonse zimadya, pomwe nkhuni za amayi anga palibe anaziyezapo?

FUNSO

Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina kuno ku Zomba ndipo ndimakhala ku Chinamwali. Pokonzekera phunziro la Fomu 3 ndinawerenga kuti nyumba zogonamo anthu pamodzi ndi nyumba za malonda zimadya 30 peresenti ya mphamvu zonse za pa dziko lapansi. Pena ndinapeza 20, penanso 40. Ana akandifunsa ndiwauza iti? Komanso chikundivuta kwambiri ndi ichi: amayi anga kwathu ku Jali aphikira nkhuni moyo wawo wonse, ndipo palibe munthu anafikapo ndi sikelo. Ndiye manambala amenewa amachokera kuti?

YANKHO

Aphunzitsi, ana auzeni 30, koma muwauzenso kuti mu 30 ameneyu mwawerengedwa chiyani. Manambala atatu onsewo si abodza ayi. Zili ngati mtengo wa chimanga. Wina akunena za pamunda, wina za pamsika wa Jali, winanso za thumba lomwelo litafika m'tauni ndalama yonyamulira ili momwemo. Ndiyamba ndi kusiyana kumeneku, kenako ndifike pa nkhuni za amayi, chifukwa pamenepo mwakhudza pachilonda penipeni pa ntchito yathu yowerengera mphamvuyi.

Nambala ya 30 imachokera ku bungwe la International Energy Agency, IEA mwachidule, lomwe likulu lake lili ku Paris ndipo linakhazikitsidwa mu 1974. Bungweli limawerenga mphamvu zomwe zafika pakhomo: magetsi odutsa pa mita, gasi, malasha, parafini, makala, nkhuni, ndi kutentha komwe m'mizinda ina ya kozizira kumabwera m'mapaipi. Mu 2022 nyumba za dziko lonse zinadya ma exajoule oposa pang'ono 130, pa ma exajoule pafupifupi 440 omwe anthu anagwiritsa ntchito pa zonse, kuphatikizapo mafakitale ndi mtengatenga. Pa 30 peresentiyo, gawo lalikulu, pafupifupi 21 kapena 22, ndi la nyumba zogona. Lotsalalo ndi la maofesi, masitolo, masukulu, zipatala, mahotela ndi nyumba zopemphereramo.

Liwu loti exajoule lisawaopse ana. Ayambitseni pa chinthu chomwe amachidziwa, yuniti ya ESCOM. Yuniti imodzi ndi kilowatt-hour imodzi, yomwe ndi ma megajoule 3.6. Exajoule imodzi ndi ma megajoule thiriliyoni imodzi. Mukatembenuza ma exajoule 130 kukhala mayunitsi mupeza pafupifupi 36 thiriliyoni. Gawani nambalayi kwa anthu 8 biliyoni, chiwerengero chomwe dziko linafika mu Novembala 2022, ndipo munthu aliyense agwirapo mayunitsi ngati 4,500 pachaka, kapena 12 patsiku. Koma chenjerani, si magetsi okhaokha amenewo. Magetsi ndi gawo limodzi chabe mwa magawo atatu a mphamvu za m'nyumba. Ndatembenuzira zonse m'mayunitsi kuti muyezo ukhale umodzi basi.

Nambala ya 20 kawirikawiri imachokera ku nthambi ya boma la America yotchedwa Energy Information Administration. M'malipoti ake a dziko lonse, nthambiyi imawerenga mphamvu zogulitsidwa pamsika wodziwika. Nkhuni zotola kutchire siziwerengedwa. Ndiye kuti m'nambala ya 20 amayi anu mulibemo n'komwe, pamodzi ndi anthu ena oposa 2 biliyoni omwe amaphikira nkhuni, makala, mapesi, ndowe ndi zina zofuka utsi.

Nambala ya 40 ndi yomwe imasocheretsa anthu ambiri. Imanena za mayiko a European Union, komwe nyumba zimadya pafupifupi 40 peresenti ya mphamvu zawo, komanso za America akawerengera ndi mphamvu zotayika popanga magetsi. Siteshoni yopanga magetsi ndi malasha imatentha mphamvu zokwana mayunitsi pafupifupi atatu kuti yuniti imodzi ifike kwa inu, zinazo zimathawa ngati kutentha. Mukasenzetsa nyumba katundu wotayikayu, gawo lake limakwera. Olemba ena amangotola 40 ameneyu n'kumuveka dziko lonse, ndipo kumeneko ndi kulakwitsa. Mukhozanso kukumana ndi 34. Ameneyo ndi wa nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, UNEP, yomwe imaphatikiza mphamvu zopangira simenti, zitsulo ndi zipangizo zina zomangira.

Tsopano kawerengedwe kake. Palibe mita imodzi yomwe inamangidwa pa dziko lapansi. Nambalayi amachita kuimanga, ndipo amaimanga kuchokera mbali ziwiri.

Mbali yoyamba ndi yochokera kumwamba. Dziko lililonse limalemba mphamvu zomwe lapanga, zomwe lagula kunja, zomwe lagulitsa kunja ndi zomwe zatayika panjira, kenako n'kugawa zotsalazo kwa omwe azigwiritsa ntchito. Kuno kwathu EGENCO, kampani yopanga magetsi, imadziwa zomwe zatuluka ku Nkula, ku Tedzani, ku Kapichira ndi ku Wovwe. ESCOM imadziwa mayunitsi omwe yagulitsa kwa makasitomala a m'nyumba ndi kwa a bizinesi, poti mitengo yawo ndi yosiyana. MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu, imadziwa mafuta ndi gasi zomwe zalowa m'dziko. Mayiko amatumiza manambala otere ku United Nations ndi ku IEA chaka ndi chaka, ndipo mu 2011 United Nations inavomereza malamulo amodzi a kalembedwe kake kuti tani ya malasha ya ku India ifanane tanthauzo ndi ya ku South Africa. Njira imeneyi ndi yolimba pa chilichonse chomwe chili ndi lisiti. Koma siingakuuzeni kuti mayunitsiwo anathera pa firiji kapena pa giza.

Mbali yachiwiri ndi yochokera pansi. Amasankha nyumba zingapo zoimira zinzake, amaziyendera, amayeza kukula kwake, amawerenga mababu, mafiriji, zitofu ndi zotenthetsera, amaonanso mabilu ake. Ku America kafukufuku wa nyumba zogona wa mtundu umenewu anayamba mu 1978, wa nyumba za malonda mu 1979, ndipo amabwerezedwa pakapita zaka zingapo. Akadziwa kuti nyumba ya mtundu wakuti imadya zakuti pa sikweya mita imodzi, amachulukitsa ndi kuchuluka kwa nyumba za mtunduwo. Pansi pa nyumba zonse za dziko lapansi, mukaphatikiza, pamakwana masikweya mita pafupifupi 250 biliyoni. Amalowetsamonso nyengo: amawerenga kuti pachaka kunazizira masiku angati ndipo kunazizira motani, chifukwa pafupifupi theka la mphamvu za m'nyumba pa dziko lonse limathera pa kutenthetsa zipinda ndi madzi. Kwa ife izi ndi zachilendo. Chiperoni chikafika mu Juni ndi Julayi, munthu wa ku Zomba amavala juzi, amawonjezera bulangeti, mwina n'kuwotha pa mbaula. Koma ku Ulaya, mphamvu zoposa theka za pabanja zimathera pa kutenthetsa nyumba basi.

Akamaliza amayerekeza mbali ziwirizi. Zikasiyana, amabwerera kukafufuza pomwe palakwika mpaka zigwirizane. Kwa mayiko omwe pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi mita, zotsatira zake ndi zodalirika kwambiri.

Tifike kwa amayi ku Jali.

Mwanena zoona, palibe anabwerapo ndi sikelo. Koma mu 2018 kunabwera munthu wa kalembera. Ofesi yoyendetsa kalembera, National Statistical Office, likulu lake lili konkuno ku Zomba, ndipo mwina mumadutsa pafupi nayo popita kuntchito. Kalembera ameneyo anapeza anthu 17.5 miliyoni m'mabanja pafupifupi 4 miliyoni. Mwa mafunso ake munali lakuti mumaphikira chiyani ndi lakuti mumaunikira chiyani. Mabanja pafupifupi 77 pa 100 alionse anati nkhuni, pafupifupi 18 anati makala, ndipo ophikira magetsi anali awiri okha pa 100. Ounikira magetsi anali 11 pa 100. Ofesi yomweyi imachitanso kafukufuku wa kakhalidwe ka mabanja pakapita zaka zingapo, ndipo mafunso a zophikira amakhalamo.

Ndiye amayi anawerengedwa, koma anawerengedwa ngati mutu umodzi wophikira nkhuni. Kalembera safunsa makilogalamu. Makilogalamuwo amatengedwa ku kafukufuku wa m'midzi yochepa komwe wina anayezako, n'kuchulukitsa ndi chiwerengero cha anthu. Bungwe la FAO ku Rome, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, lomwe limasunga manambala a nkhalango, limati pafupifupi theka la mitengo yodulidwa pa dziko lapansi limathera pamoto, koma kwa mayiko ambiri nambala ya nkhuni imachokera ku masamu oyerekeza, osati ku kuyeza. Apa ndi pamene 30 peresenti uja ali wofooka kwambiri, ndipo ndi pomwe pali ife.

Ntchito yoyeza nkhuni ndaigwirapo, ndipo ndikuuzeni mmene imakhalira. Umafika pakhomo m'mawa ndi sikelo yopachika, yonga ya ogula nandolo. Umapempha mayi a pakhomopo kuti aunjike nkhuni zoposa zomwe angaphikire tsiku limenelo, umaziyeza, mawa lake nthawi yomweyo umabweranso kudzayeza zotsala. Umatero masiku atatu kapena kuposa. Pakhomo pena cha ku nyanja ya Chilwa ndinapeza mulu wa nkhuni wangotsika pang'ono, ndipo ndinayamba kulemba kuti banjali ndi losamala moto. Mayiwo ataona ndikulemba anandiimitsa. "Bambo, dzulo nsima ndaphikira zitsononkho ndi mitengo ya nandolo. Nkhunizo ndangophikira nyemba." Anandilondolera kuseri kwa nkhokwe komwe kunali mulu wa zitsononkho. Ndikanapanda kuuzidwa, ndikanalemba bodza ndi mtima wonse. Pakhomo pena kunabwera alendo a maliro. Pena nkhuni zinali zaziwisi, zolemera ndi madzi, pomwe kilogalamu ya nkhuni yaiwisi ili ndi mphamvu zochepa kwambiri poyerekeza ndi youma. Mwezi wa Januwale si wa Ogasiti. Banja la m'mphepete mwa phiri la Zomba silisonkha moto ngati la kuchigwa komwe mitengo inatha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kafukufuku wotere amafuna ndalama ndi nthawi zomwe kawirikawiri sizipezeka.

Mwina mungafunse kuti kodi moto wa pamafuwa ungasinthe chiyani pa nambala ya dziko lonse. Tiyeni tiwerenge. Kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma ili ndi ma megajoule pafupifupi 15, omwe ndi mayunitsi anayi ndi pang'ono. Tiyerekeze kuti pakhomo pa amayi pamatha makilogalamu 6 patsiku. Amenewo ndi ma megajoule 90, kapena mayunitsi 25. Pachaka ndi mayunitsi oposa 9,000. Banja wamba la ku America limagwiritsa ntchito magetsi opitirira pang'ono mayunitsi 10,000 pachaka, ngakhale ambiri a iwo amawonjezerapo gasi. Taonani pamenepo: khitchini ya udzu ya ku Jali, yopanda babu ngakhale limodzi, ikuyandikira magetsi a nyumba ya firiji, makina ochapira ndi makina oziziritsa mpweya. Ophunzira anga ambiri akamva izi amayamba akana, mpaka atawerenga okha.

Chinsinsi chake chili pa kutayika. Pamafuwa atatu, kutentha komwe kumalowa mumphika ndi 10 mpaka 15 peresenti yokha. Pa mayunitsi 25 aja, ophikadi nsima ndi atatu kapena anayi. Enawo amathawira m'mbali, amadetsa denga ndi mwaye, ndipo utsi wake umalowa m'chifuwa cha amayi ndi cha mwana ali kumsana. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pa dziko lonse. N'chifukwa chake sindikondwa ndikamva wina akuwerenga nambala ya mphamvu ngati muyezo wa chitukuko. Mudzi ukasiya mafuwa n'kuyamba Chitetezo mbaula, kapena banja la m'tauni likasamukira ku gasi kapena magetsi, nambala ya mphamvu imatsika pomwe moyo wakwera.

Makala ali ndi chobisika chawochawo. Kilogalamu ya makala ili ndi ma megajoule pafupifupi 29. Thumba lomwe mumagula kwa a njinga otsika nawo m'mamawa, ngati likulemera makilogalamu 30, lili ndi mphamvu ngati mayunitsi 240. Ngati pa mita yanu ku Chinamwali mumathira mayunitsi 100 pamwezi ndipo thumba limodzi limatha mwezi womwewo, ndiye kuti mbaula ikudya koposa kawiri magetsi onse a m'nyumba mwanu. Koma uvuni wadothi umafuna makilogalamu asanu kapena kuposa a mitengo kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala. Thumba lanulo linadya mitengo yosachepera makilogalamu 150, ndipo mphamvu zoposa theka za mitengoyo zinathera kuuvuni. M'mabuku a mphamvu, zotayika kuuvuni sizilembedwa pa nyumba. Zimalembedwa pa mzere wina, wa kusandutsa mphamvu. Choncho munthu wongoyang'ana mzere wa nyumba saona zomwe inu ndi ine timaona tikakweza maso kuyang'ana mapiri a Zomba ndi Malosa.

Palinso vuto la malire pakati pa nyumba yogona ndi ya malonda. M'mabuku malirewo ndi owongoka. Pitani ku Matawale kapena ku Mpondabwino mukaone. Pa mita imodzi pali banja, firiji ya mafilizesi ogulitsa, kanyumba kometera tsitsi kutsogolo, ndi mnyamata wotchaja mafoni pakhonde. Ku Chikanda nyumba zambiri ndi mahositelo a ophunzira a ku University of Malawi. Kodi imeneyo ndi nyumba yogona kapena bizinesi? Zonsezi zimagwera komwe mita inalembetsedwa. Mafuta a jenereta ya sitolo amagulidwa pa filing'i siteshoni, ndipo mosavuta amalembedwa ngati a galimoto. Sola ya padenga la kumudzi siidutsa pa mita ya wina aliyense. Pa sukulu ina yogonera komweko yomwe ndinayendera, bilu ya magetsi inali yosungidwa bwino mwezi ndi mwezi, koma nkhuni za kukhitchini, zomwe zinali mphamvu zochuluka kuposa magetsiwo, zinalembedwa kuti "malole awiri" ndi mtengo wake basi. Sindikuwadzudzula, poti palibe anawapemphapo kuti aziyeza. Ngakhale m'mayiko olemera gawo la malonda ndi lovuta, moti nthawi zina limangopezeka pochotsera: zonse, kuchotsa mafakitale, kuchotsa mtengatenga, kuchotsa mabanja, chotsalacho n'kuchitcha malonda. M'gulu lomweli mumagweranso nyumba zosungira makompyuta a intaneti, zomwe IEA imati mu 2024 zinadya pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi a dziko lonse.

Chinanso choti ana amvetse n'chakuti manambalawa amanena zomwe anthu agwiritsa ntchito, osati zomwe amafuna. Mukukumbukira Januwale 2022, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya ma megawatt pafupifupi 130. Magetsi ankazima maola ambirimbiri kwa nthawi yoposa chaka. Ophikira magetsi anatsitsa mbaula zomwe anali atapachika. Mayunitsi osagulidwa amaoneka m'mabuku msanga, pomwe matumba a makala owonjezerekawo analibe wowalemba. Wowerenga ali kutali akhoza kuganiza kuti nyumba za Amalawi zinasunga mphamvu chaka chimenecho.

Za kutsogolo ndinena mwachidule. Chomwe chikukula msanga m'nyumba za dziko lapansi ndi kuziziritsa. Lipoti la IEA la 2018 linati mu 2016 kunali makina oziziritsa mpweya pafupifupi 1.6 biliyoni, ndipo pofika 2050 akhoza kukwana 5.6 biliyoni. Makinawa pamodzi ndi mafani ankadya kale gawo limodzi mwa magawo asanu a magetsi a m'nyumba. Nambala ya 2050 imeneyo ndi yolosera, yodalira kuchuluka kwa anthu, chuma chawo ndi kutentha kwa dziko, ndiye muziisiyanitsa ndi nambala ya chaka chomwe chadutsa. Koma aliyense amene wagonapo m'nyumba ya malata yopanda siling'i ku Liwonde mu Okutobala akudziwa kuti munthu akangopeza ndalama ndi magetsi, fani ndi chimodzi mwa zinthu zoyamba kugula. Ine ndimadandaula ndikaona nyumba zatsopano zikumangidwa zopanda khonde, za mawindo aang'ono, mitengo yonse ya pabwalo itadulidwa. Nyumba zakale za boma za kuno, za nthawi yomwe Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975, zili ndi makonde otambalala ndi madenga aatali pa chifukwa chomveka. Nyumba ikamangidwa moipa, eni ake adzalipira kutenthako zaka makumi angapo.

Pa phunziro lanulo, ndikupempheni chinthu chimodzi, aphunzitsi. Musangolemba 30 peresenti pabolodi. Bwerekani sikelo yopachika, muwagawe ana m'magulu malinga ndi komwe amachokera, a ku Sadzi, a ku Chinamwali, a kumidzi ya cha ku Thondwe kapena ku Jali. Aliyense kwa masiku asanu ndi awiri alembe mayunitsi otsala pa mita m'mawa uliwonse, ayeze makala kapena nkhuni asanasonkhe moto ndi zotsala mawa lake, alembenso anthu omwe adya pakhomopo tsiku limenelo. Nkhuni achulukitse ndi 15, makala ndi 29, mayunitsi ndi 3.6, zonse zikhala ma megajoule. Agawe ndi chiwerengero cha anthu, kenako ayerekeze ndi mayunitsi 12 patsiku a munthu wa pa dziko lonse uja, omwe ndi ma megajoule 43 kapena 44. Muwakumbutse kufunsa amayi awo za zitsononkho, mapesi ndi mitengo ya nandolo, ndiponso kulemba ngati nkhunizo zinali zouma kapena zaziwisi. Ndipo mukapita ku Jali pa holide, sikeloyo mupite nayo.